Za Ufa Umene Madotolo Ena Athira M'bala la Msana

Nkhani yathu mwezi uno ndi ya anthu ong'ambidwa msana kuchipatala, ndi ya ufa wina woyera umene madotolo ena amawaza m'kati mwa bala asanalisoke. Kapena ena mwa inu mudzati, Nanga ife a kumudzi zitikhudza bwanji zimenezi? Zitikhudza ndithu, pakuti msana umathyokera kumudzi konkuno. Wina agwa mumtengo wa mango, wina agundidwa ndi galimoto ali pa njinga, wina chifuwa chachikulu chimlowa m'mafupa a msana nichita linunda, nthenda imene dotolo wa ku London, Percivall Pott, adailongosola m'chaka cha 1779. Anthu otere masiku ano amang'ambidwa ku zipatala zazikulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe, naikidwa zitsulo zochirikiza msana. Ndipo akatuluka, bala lija limabwera kudzapolera m'nyumba zathu, pa mphasa zathu, m'manja mwa akazi awo ndi amayi awo.

Chimene chatiyambitsa kulemba ndi mkangano umene tidauona m'mudzi mwathu pa nyengo yokolola. Bambo wina, mlimi wa mphamvu zake, ngolo ya chimanga idamgwera potsetsereka kudambo, ndipo adapita naye ku chipatala chachikulu cha m'tauni miyendo ili lende. Kumeneko adamng'amba, namuika tindodo tiwiri tachitsulo tomangidwa ku mafupa ndi masikuluwu. Adabwera kwao ulusi usanachotsedwe. Titapita kukamzonda madzulo, tidapeza mayi wake, gogo wa imvi, akumasula pa nsonga ya chitenje makapisozi awiri aja ofiira ndi achikasu ogula pa okala, kuti awaswe ndi kuthira ufa wake pa bala. Mkazi wa wodwalayo adagwada nati, "Amayi, pepani, kuchipatala adatiuza kuti tisaikepo kanthu, koma tisunge bandeji youma kufikira tsiku lokachotsa ulusi." Gogo adayankha kuti, "Mwana wanga, ine ndalera ana asanu ndi awiri, ndipo zilonda zawo zonse zidauma ndi ufa womwewu." Pamenepo mdzukulu wina, mnyamata wa ku sekondale, adatulutsa foni nati, "Agogo akunena zoona. Ndawerenga kuti ku America madotolo eni ake amathira ufa wa mankhwala m'bala la msana."

Tidapempha kuti makapisoziwo abwerere pa nsonga ya chitenje kufikira atafunsidwa namwino, ndipo gogo adavomera monyinyirika. Bala lidapola lokha, ndipo bambo uja ayenda tsopano ndi ndodo. Koma mawu a mnyamatayo adatitsalira m'mutu, chifukwa sadaname ayi. Madotolo ambiri amachitadi zimenezo. Tsono tiyenera kulongosola bwino chimene amachitacho, chifukwa chake, ndi kusiyana kwake ndi kapisozi wa pa okala.

Nzeru yothira mankhwala m'bala momwemo ndi yakale. M'chaka cha 1865, ku Glasgow, Joseph Lister adalandira mnyamata wa zaka 11 amene ngolo idamponda mwendo, fupa nkutulukira kunja. Masiku amenewo bala lotere linali kutha ndi kudula mwendo kapena ndi maliro. Lister adaphimba balalo ndi nsalu yonyika m'mankhwala a carbolic, ndipo mwanayo adachira ndi mwendo wake. Kuyambira pamenepo madotolo adavomera pang'onopang'ono kuti mafinya sabadwa okha m'thupi, koma amachokera ku tizilombo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tolowa ndi manja, mipeni ndi nsalu. Komatu pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, Alexander Fleming, yemwe uja adadzapeza penisilini mu 1928, adaonetsa kuti mankhwala oyaka othira m'mabala akuya a asilikali anali kupha asilikali a m'magazi, ndiwo maselo oyera otiteteza, kuposa tizilombo tobisala m'ngodya za bala. Pa nkhondo yachiwiri asilikali a ku America anali kuyenda ndi kapaketi ka ufa wa sulfanilamide kowaza pa bala, ndipo anali kukakhulupirira koposa. Pofika kumapeto kwa nkhondoyo madotolo adaona kuti ufawo suletsa mafinya m'bala losatsukidwa ndi losachotsedwa mnofu wakufa, ndipo adausiya. Chotero nzeru imeneyi yakhala ikubwera ndi kuchoka, monga mlendo wosapatsidwa malo.

Nanga yabwereranji pa msana? Mverani bwino apa, pakuti ndipo pagona nkhani. Dotolo akafuna kufika pa mafupa a msana, ayenera kukanganula minofu yochindikala ya mbali zonse ziwiri, ndi kuikokera kumbali ndi zitsulo zokowera kwa maola atatu, anayi kapena kupitirira. Mnofu wopanidwa nthawi yonseyo umafooka, ndipo magazi sayendamo bwino. Akasoka, m'kati mumatsala mpata umene umadzaza magazi oundana ndi madzi a m'thupi, ngati chithaphwi chosayenda. Jekeseni ya mankhwala opha tizilombo imene wodwala alandira asanang'ambidwe imayenda ndi magazi, ndipo imafika kumene magazi afika. M'chithaphwi muja simufika yokwanira.

Kuwonjezera apo, m'balamo muli chitsulo. M'chaka cha 1957, ku London, madotolo awiri, Elek ndi Conen, adayesa pa khungu la anthu odzipereka kuti aone kuchuluka kwa tizilombo ta mtundu wa Staphylococcus aureus tofunika kuti patuluke mafinya. Pa khungu lokha padafunika toposa 1,000,000. Koma ataikapo kaulusi kamodzi kosokera, tizilombo tochepa kwambiri tidakwanira, kotero kuti kaulusiko kadachulukitsa mphamvu yawo ngati ka 10,000. Ngati kaulusi kachita zotero, nanga ndodo ndi masikuluwu? Tizilombo tikatera pa chitsulo timadzimangira chophimba chonanda ngati ndere za pa mwala wa mumtsinje, ndipo tikakhala pansi pa chophimbacho, maselo oyera satifika, mankhwalanso salowamo bwino. Staphylococcus ameneyu si wochokera kutali. Amakhala m'mphuno ndi pa khungu la anthu ambiri abwinobwino osawavuta, nadikira khomo lotseguka.

Bala la msana likaola m'kati, tsoka lake ndi lalikulu. Wodwala abwereranso ku mpeni kuti atsukidwe, nthawi zina kawiri kapena katatu. Alandira mankhwala a m'mitsempha masabata ambiri. Mafupa amene anayenera kugwirana amakana, ndipo mafinya akapanikiza mtsempha waukulu wa mumsana, munthu akhoza kupuwala miyendo. Pakhomo munda umakhala wosalimidwa, pakuti mkazi ali gadiyani kuchipatala, ndipo mbuzi zimatha ndi ndalama zoyendera. Ndi chifukwa chake madotolo a msana adaganiza kuti, Ngati magazi safikitsa mankhwala m'chithaphwicho, tiwaikemo ndi manja athu tisanatseke.

Mankhwala amene adasankha dzina lake ndi vancomycin, ndipo mbiri yake idzakukondweretsani. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, mmishonale wina wa m'nkhalango za pa chilumba cha Borneo adatumiza dothi pang'ono kwa katswiri wa mankhwala, Edmund Kornfeld, wa ku kampani ya Eli Lilly ku America. M'dothimo mudapezeka kachilombo kotulutsa madzi opha Staphylococcus, ngakhale amene anali atayamba kupirira penisilini. Boma la America lidaloleza mankhwalawa mu 1958. Oyamba aja anali akuda bii ndi zinyalala, kotero kuti anthu adawatcha matope a mu Mississippi, ndipo anali kuwononga impso ndi makutu a odwala ena. Adaikidwa padera zaka zambiri, kufikira pamene Staphylococcus wosamva mankhwala ena, amene adaoneka koyamba ku England mu 1961, adafala m'zipatala za dziko lonse. Lero vancomycin ndi woyeretsedwa bwino. Amabwera ngati ufa woyera m'kabotolo kotsekedwa kopanda kachilombo ndi kamodzi komwe, ndipo ntchito imene adampangira ndiyo kumsungunula ndi kumlowetsa m'mitsempha ndi dripi. Madotolo a msana amangotsegula kabotoloko m'chipinda chong'ambira, nawaza ufawo wouma, galamu 1 kapena magalamu 2, pa minofu ndi pa zitsulo, kamodzi kokha, nasoka. M'balamo mankhwala amachuluka koopsa kwa masiku awiri kapena atatu, koma olowa m'magazi ndi ochepa, chotero impso sizivutika.

Kodi tsono ufawo umathandiza? Tiyeni tione mawerengero. M'chaka cha 2011 dotolo Fred Sweet ndi anzake a ku Rockford, m'chigawo cha Illinois, adalengeza za odwala 1,732 oikidwa zitsulo mumsana. Oyamba 821 adalandira jekeseni yokha, ndipo mabala oola m'kati anali ngati 26 pa anthu 1,000 alionse. Otsatira 911 adalandira jekeseni pamodzi ndi magalamu 2 a ufa, ndipo mabala oola adatsika kufika pa 2 okha pa anthu 1,000 alionse. Chaka chomwecho madotolo a ku Vanderbilt, mu mzinda wa Nashville, adalengeza za anthu 110 othyoka msana pa ngozi. Mwa 54 osathiridwa ufa, 7 mabala awo adaola. Mwa 56 othiridwa ufa, padalibe ndi mmodzi yemwe. Mbiri imeneyi idawanda ngati moto wa m'tchire la mwezi wa Okutobala, ndipo madotolo ambiri a msana adayamba kuwaza. Sitiwadzudzula, pakuti ufawo mtengo wake ndi wochepa pouyerekeza ndi kung'amba munthu kachiwiri.

Koma inu alimi mudziwa chinthu chimodzi. Munthu akathira manyowa chaka chino nakolola zambiri kuposa chaka chatha, sanganene motsimikiza kuti ndi manyowa okha, pakuti mvula ya zaka ziwirizo siidali imodzi, kapenanso adapalira msanga chaka chino. Wofuna kudziwa zoona agawe munda umodzi pakati, chaka chimodzi, mbewu imodzi. Odwala a ku Rockford aja anali a zaka zosiyana, oyamba a zaka zam'mbuyo, otsatira a zaka zapambuyo pake, ndipo m'zaka zimenezo zinthu zina za m'chipatala zikhoza kusinthanso. Amene adagawa munda pakati ndi madotolo a pa chipatala cha Ganga, mu mzinda wa Coimbatore ku India. Mu 2013 Tubaki, Rajasekaran ndi Shetty adalengeza za odwala 907 amene adawagawa mwa maere, ena ufa, ena ayi. Mwa 474 opanda ufa, mabala 8 adaola. Mwa 433 a ufa, mabala 7 adaola. Kusiyana kwake kudalibe. Eni akewo adati kapena chifukwa chake n'chakuti pa chipatala chawo mabala oola anali ochepa kale, kotero kuti ufa udalibe chochotsa.

Kuyesa kwina kwa maere kudachitika pa mafupa a mwendo, osati a msana, ndipo kudalengezedwa mu 2021 ku America. Mwa anthu 980 othyoka fupa la msongolo pafupi ndi bondo kapena pafupi ndi kakolo, ufa udachepetsa ngati ndi theka mabala oola ndi tizilombo ta mtundu wa Staphylococcus ndi abale ake, koma sudakhudze konse tizilombo ta mtundu wina. Ndipo izi n'zosadabwitsa, pakuti vancomycin alibe mphamvu pa tizilombo ta m'matumbo monga Escherichia coli, kapena ta m'madzi monga Pseudomonas. Bala la m'chiuno lili pafupi ndi kumene tizilombo ta m'matumbo titulukira, makamaka kwa wodwala wosatha kudzigwira. Mlonda wodziwa kupirikitsa anyani okha satchinjiriza munda ku nguluwe. Bungwe loona za matenda ku America, lotchedwa CDC, lidalemba m'malangizo ake a 2017 kuti mafuta, madzi kapena ufa wopha tizilombo usamaikidwe pa bala la opaleshoni pofuna kupewa kuola, ngakhale lidavomera kuti umboni wake ndi wochepa. Chotero akatswiri eni ake sagwirizana, ndipo ena awaza, ena sawaza.

Ife tikaziyesa zonsezi, tiona kuti ufawo uli ndi malo ake: pa opaleshoni yaitali ya zitsulo zambiri, pa munthu wothyoka pa ngozi, pa wodwala shuga kapena wonenepa kwambiri, pamene ngozi ya kuola ili yaikulu. Kuuwaza mwa chizolowezi pa bala lililonse sitikuona nzeru yake. Walira mvula walira matope. Vancomycin ndi mmodzi wa mankhwala otsiriza amene madotolo atembenukirako pamene ena onse alephera, ndipo tizilombo timaphunzira. Tizilombo ta m'matumbo tosamva vancomycin tidapezeka ku Ulaya mu 1986, ndipo Staphylococcus wosamva vancomycin adapezeka ku Michigan mu 2002. Mankhwala otere ndi nkhokwe ya m'chaka cha njala, yosayenera kupasulidwa pa phwando lililonse.

Tsono tibwere pa kapisozi wa pa okala. Ufa wa dotolo uikidwa m'kati, pa chitsulo penipeni, bala lisanatsekedwe, ndi manja ovala magolovesi owiritsidwa, m'chipinda chotsukidwa. Ufa wa kapisozi ugwera pa khungu kunja, pamene tizilombo toopsa, ngati tilipo, tili pansi pa minofu kuya kwake ngati chala chonse. Sufikako. Ufa wa dotolo ndi mankhwala okhaokha osadetsedwa. Wa kapisozi adaupangira m'mimba, ndi wosakaniza ndi ufa wina wongodzazira, ndipo wadutsa m'manja ndi pa nsonga ya chitenje. Ufa wa dotolo adausankha chifukwa upha Staphylococcus wouma mutu. Makapisozi ofiira ndi achikasu aja ndi ena a mtundu wa penisilini ndi amene Staphylococcus wambiri adawazolowera kale. Ndipo choopsa koposa n'chakuti ufawo umauma nkukhala nkhanambo pamwamba, banja liona ngati bala lapola, pamene m'kati mafinya akusonkhana. Zilonda za ana a gogo uja zidauma ndithu, sitikana. Koma zinali za pa khungu, zopanda chitsulo pansi pake, ndipo zikadauma ndi sopo ndi madzi owiritsa okha. Chimodzimodzi ndi phulusa, mwaye, mafuta a galimoto ndi masamba otafuna: pa bala la msana pasafike chilichonse cha izi.

Zimene zimateteza bala koposa n'zosachititsa chidwi, ndipo zambiri zili m'manja mwa banja. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, lidalemba mu 2016 kuti m'mayiko osauka odwala 11 pa 100 alionse ong'ambidwa mabala awo amaola, ndipo lidapereka malangizo ake. Wodwala asambe thupi lonse ndi sopo asanapite ku mpeni. Asametedwe ndi lezala pamalo pong'amba, pakuti lezala lisiya timabala tosaoneka tolowera tizilombo. Jekeseni yoteteza iperekedwe m'kati mwa mphindi 120 mpeni usanakhudze khungu, ndipo opaleshoni ikatha, mankhwalawo asapitirizidwe masiku ambiri mwa chizolowezi chabe. Mawu otsirizawa amadabwitsa ambiri. Wodwala akatuluka wopanda mapiritsi opha tizilombo, achibale amang'ung'udza kuti chipatala chaumira, nakagula awo ku msika. Sichinaumire ayi, chatsata lamulo. Wa shuga asamale shuga wake. Wosuta fodya aleke, pakuti fodya achepetsa magazi ofika pa bala, nachedwetsa kugwirana kwa mafupa. Wodwala adye zomanga thupi, nyemba, nsinjiro, mazira, usipa, pakuti mnofu sulumikizana ndi phala lokha. Wosintha bandeji asambe m'manja ndi sopo asanayambe ndiponso atatha. Wodwala wosatha kudzuka atembenuzidwe kawirikawiri monga adalangizira namwino, ndipo mkodzo kapena chimbudzi zisakhalitse pafupi ndi bala.

Kuola kwa m'kati kumaoneka kawirikawiri m'masabata awiri, atatu kapena anayi oyamba, koma pa bala la chitsulo madotolo amawerengera masiku 90, ndipo nthawi zina kumadza mochedwa koposa apo. Chotero yang'anani balalo tsiku ndi tsiku pa kuwala kwa dzuwa. Ngati bandeji inyowa ndi madzi kapena mafinya patapita masiku angapo, ngati m'mbali mwa bala mwafiira, mwatupa kapena mwatentha, ngati ululu umene unali kuchepa wayamba kukula, ngati thupi latentha ndi kunjenjemera, mnyamuleni tsiku lomwelo. Musangoti ndi malungo. Akayezedwe malungo, inde, koma balanso lionedwe. Ngati patuluka madzi oyera mbee ngati a pachitsime, mutu nuwawa akadzuka, ndiwo madzi ozinga mtsempha wa mumsana. Ngati miyendo yayamba dzanzi kapena kufooka, kapena mkodzo wakana kutuluka, kapena utuluka wokha, musadikire kuti kuche.

Popita tengani kabuku ka kuchipatala ndi kalata imene adatuluka nayo, kuti dotolo adziwe tsiku la opaleshoni ndi zitsulo zimene zilimo. Ngati wodwala wamwa mankhwala ena alionse, kapena wina adathira kanthu pa bala, nenani poyera, ndipo tengani chikutu chake mukaonetse. Dotolo adzatenga mafinya a m'kati kuti awabzale m'kambale ka ku labotale, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu tizilombo timamera, nadziwa mtundu wake ndi mankhwala otipha. Makapisozi omwedwa kunyumba amalepheretsa tizilombo kumera m'kambalemo pamene m'thupi tikadali moyo, ndipo dotolo amatsala wongoyerekeza. Wodwala akafika msanga, kawirikawiri amatsukidwa zitsulo zili momwemo, ndipo zimasiyidwa kufikira mafupa atagwirana.